Kuwonjezera mphamvu ya chainsaw: mafunso amene amandipeza nawo pa shedi kuno ku Lusaka

Ndimakonza mainjini ang'onoang'ono, ndipo ambiri amene amafika ndi chainsaw paphewa ndi anthu ocheka matabwa. Ena amagwira ntchito cha ku Rufunsa ndi ku Nyimba, ena amafika mpaka ku Kaoma, matabwa awo n'kudzathera ku msika wa Buseko kapena m'manja mwa akalipentala a ku Kalingalinga. Chiyambireni anyamata kuonera pa YouTube amisiri akunja akupala masilinda, mafunso asintha. Kale munthu ankangoti "makina akukana kulira". Lero akuti "ndipalireni mapoti". Ndalemba pano zimene ndimawayankha, kuti pakamwa panga papumuleko.

Amisiri, kupala mapoti n'kutani kwenikweni?

Injini ya chainsaw ilibe mavalavu ngati ya galimoto. M'khoma la silinda muli mazenera, ndipo pisitoni ndiyo chitseko chake: ikamakwera ndi kutsika imatsegula ena, kutseka ena. Mazenera amenewa ndiwo mapoti. Alipo a mitundu itatu. Lina limalowetsa mpweya wosakanikirana ndi petulo kuchokera ku kabureta kupita kunsi kwa pisitoni, ndipo limatsegulidwa ndi mkanjo wa m'munsi wa pisitoniyo. Ena ali m'mbali, awiri kapena anayi, timawatcha matransifa. Amakweza mpweya uja kuchoka kunsi kuti ufike pamwamba pa pisitoni. Lotsiriza ndi la utsi, loyang'ana ku mafula, kabokosi kochepetsa phokoso kamene utsi umatulukira.

Ndiye kutalika kwa zenera lililonse ndiko kumalamula nthawi imene litseguke ndi nthawi imene likhale lotsegula. Mukapala denga la zenera la utsi, utsi uyamba kutuluka msanga. Mukapala pansi pa zenera lolowetsa, injini ikoka mpweya nthawi yotalikirapo. Nkhani yonse yagona pamenepo. Chovuta n'chakuti makina ngati Husqvarna 372XP, akamalira opanda mtengo, amafika pa maulendo 13,500 pa mphindi imodzi, kutanthauza 225 pa sekondi. Pa liwiro lotere kachitsulo kochepa ngati chikhadabo kamasintha khalidwe lonse la makina, ndipo chimene mwapala simungachimatenso.

Ndisanapale kalikonse ndiyambe n'chiyani?

Tcheni. Musakwiye, achimwene, koma mwa makina amene amabwera kuno mwini wake akudandaula za mphamvu, ambiri vuto lawo limathera pa tupa. Tcheni chobuntha chimatulutsa fumbi m'malo mwa zipalapala, ndipo injini yamphamvu bwanji singachithandize. Podula chopingasa mano amanoledwa pa madigiri 30. Pong'amba matabwa motsata mtengo amafuna pafupifupi madigiri 10. Timitu takutsogolo kwa dzino lililonse, timene timalamula kuzama kwa kuluma, tizikhala totsika ndi mamilimita 0.65 kuchokera pa nsonga ya dzino. Ambiri amanola mano chaka chonse osatikhudza timitu timeneti, kenako n'kumati injini yatopa.

Tcheni chikakhala bwino, tsukani sefa ya mpweya, chotsani utuchi umene umamatirira pa zipsepse za silinda, vulani mafula muone pisitoni ngati ilibe mikwingwirima. Kenako makina ayesedwe ngati sakuba mpweya: timatseka mazenera onse, n'kupopera pafupifupi 0.5 bar m'kati, kenako n'kuyamwa chimodzimodzi, kuona ngati singano ya geji ikhazikika. Masili a kulankishafiti akatha amalowetsa mpweya wosawerengedwa ndi kabureta. Makina otere mukawawonjezera mphamvu mwangowafulumizitsa kumanda.

Madigiri a kutseguka kwa mapoti amene mumatchulawa mumawayeza bwanji?

Ndi gudumu la madigiri 360. Simufunika kuligula, lisindikizeni pa pepala, mulimate pa CD yakale, mulimange ku kulankishafiti, ndipo kawaya kopinda kakhale cholozera. Choyamba pezani pamene pisitoni yafika pamwamba penipeni. Musadalire maso, chifukwa pamwambapo pisitoni imakhala ngati yaima kwa madigiri angapo. Lowetsani choimitsa pa bowo la pulagi, zungulizani mpaka pisitoni igunde, lembani nambala. Zungulizani mobwerera mpaka igundenso, lembaninso. Pakatikati pa manambala awiriwo ndiye ziro wanu.

Mukatero walitsani tochi pa bowo la pulagi, muziyang'ana pa zenera la utsi uku mukutsitsa pisitoni pang'onopang'ono. Kuwala kukangosuzumira, werengani. Pa makina a ntchito a masiisii (muyezo wa kukula kwa injini) 60 mpaka 90 mudzapeza manambala oyandikira awa: utsi umatseguka pa madigiri 100 mpaka 105 pisitoni itachoka pamwamba, matransifa cha pa 118 mpaka 125, ndipo zenera lolowetsa limatseguka pisitoni itatsala ndi madigiri 70 mpaka 80 kuti ifike pamwamba. Mpata wa pakati pa kutseguka kwa utsi ndi kutseguka kwa matransifa umatchedwa blowdown. Imeneyi ndi nthawi imene utsi wotentha uli nayo yoti uthawe mpweya watsopano usanalowe, ndipo nthawi zambiri imakhala madigiri 15 mpaka 25.

Lembani zonsezi m'kabuku musanagwire chopalira. Ine munthu wopanda kabuku sindimubwereka chida.

Ndamva kuti ukakweza zenera la utsi makina amathamanga kwambiri. N'zoona?

N'zoona, amalira mokweza ndipo amathamanga, koma funsani kaye kuti mukucheka chiyani. Moto ukayaka umakankha pisitoni kufikira zenera la utsi litatseguka. Mukalikweza mwadula ulendo wa kukankhako, ndiponso mwachepetsa mpweya umene umatsekeredwa kuti upanikizidwe. Phindu lake limaoneka pa liwiro lapamwamba. Mphamvu yokoka, ija imapangitsa tcheni kusaima pakati pa chipika, imachepa.

Anthu a m'mavidiyo aja ambiri amadula timagawo ta paini pa masekondi owerengeka, wina atagwira wotchi. Inu mukung'amba mlombwa, umene kuno timauti mukwa, kapena tsanya wa ku chigwa amene amalilitsa ndi nkhwangwa yomwe, bar yonse, chitsulo chija tcheni chimayendapo, itamira, kwa mphindi zingapo osapuma. Ntchito yotere imachitika injini ili pa maulendo 9,000 kapena 10,000, nthawi zina kutsikirapo. Mphamvu muifune pamenepo.

Taonani kuchepa kwa malo olakwitsira. Stihl MS 381 ndi Husqvarna 272XP onse ali ndi silinda ya mamilimita 52 m'mimba mwake, ndipo pisitoni imayenda mamilimita 34. Pamene zenera la utsi limatsegukira, milimita imodzi ndi madigiri pafupifupi atatu ndi theka. Popeza zenera limatseguka pisitoni ikamatsika n'kudzatsekeka ikamakwera, nthawi yonse yokhala lotsegula imawonjezeka kawiri, madigiri asanu ndi awiri. Ine ndinaphunzira ndi makina anga omwe. Ndinapala ndi maso, osayeza, ndipo atalira ndinadzitama shedi yonse. Tsiku lotsatira pa chipika cha mukwa ankangoti ndikawatsamira pang'ono, zii. Silinda imeneyo ndimaikamo mabawuti mpaka lero.

Kwa ocheka matabwa, utsi ndimausiya pakati pa 102 ndi 105. Kukweza zenera mpaka nambala itsike pansi pa 100 ndimakana, ngakhale mwini wake achonderere.

Nanga kulikulitsa cham'mbali?

Uku ndiko kupala kumene ndimakukonda, chifukwa utsi umapeza njira yotakata koma nthawi osasintha. Malire ake ndi awiri. Ring'i ya pisitoni imadutsa pazenerapo popanda chouchirikiza, ndiye likatambalala kwambiri imafutukira m'kati n'kukola m'mphepete. Musapyole magawo 65 pa 100 a m'mimba mwa silinda, omwe pa mamilimita 52 ndi pafupifupi 34. Malire achiwiri ndi mkanjo wa pisitoni: uyenera kuphimba zenera lonse n'kutsalako mamilimita awiri mbali iliyonse. Onaninso pamene pali timisomali togwira nsonga za maring'i, kuti nsongazo zisadutse pa zenera lililonse.

Denga la zenera likhale lopindika pang'ono ngati uta, lisakhale lowongoka, kuti ring'i izibwerera m'malo mwake mwaulemu. Mukamaliza, chotsani ukali wa m'mphepete monse ndi kamwala kosalala kapena sandipepa mpaka chala chizidutsa osakodwa. M'kati mwa silinda munakutidwa ndi chitsulo cholimba koma chopyapyala kwambiri, Nikasil pa makina abwino, kuromu pa otsika mtengo, ndipo chida chikakoka kuchokera kunja kulowa m'kati molumphalumpha chimachisupula. Malaiti akapita muli pakati, musamalizitse ndi tupa lalikulu chifukwa chothamangira kasitomala. Dikirani.

Matransifa ndi zenera lolowetsa ndiwatani?

Matransifa asiyeni ngati mukungoyamba kumene. Kupendekeka kwa denga lake ndiko kumalozetsa mpweya kumbuyo kwa silinda kuti usese utsi. Mbali imodzi ikasiyana ndi inzake, petulo wosapsa amangodutsa kutulukira ku mafula. Amafunanso chopalira cha mutu wokhota chimene ambiri tilibe. Zenera lolowetsa mukalitsitsa mopyola madigiri 80, makina amayamba kulavulira petulo ku sefa ndipo amachedwa kudzuka mukakoka thirotolo.

Geji yoyezera kompuresheni, kupanikiza kwa mpweya mu silinda, ikuwerenga 130 psi, koma m'mavidiyo amati makina abwino ndi 150. Anga atha?

Mwina ayi, ndipo apa m'pamene ife a ku Lusaka tiyenera kuganiza patokha. Mzinda uno uli pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya kuno ndi wopepuka. Kupanikiza kwake ndi magawo 86 kapena 87 pa 100 a kunyanja. Makina amene angawerenge 150 ku Beira kapena ku Dar es Salaam, kuno awerenga cha m'ma 130. Mphamvu nayonso imatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo khumi. Palibe chawonongeka, kungoti injini ikupuma mpweya wochepa.

N'chifukwa chake kuno kompuresheni ndi bwenzi lathu kuposa kupala mazenera: timangobweza pang'ono zimene mtunda watilanda. Koma yezani molondola. Geji ikhale ya mainjini ang'onoang'ono, ya kavalavu kunsonga kwenikweni. Ya galimoto ya paipi yaitali imanama motsitsa. Batani lopepukitsa chingwe likhale lotseka, ndipo kokani mpaka singano ileke kukwera.

Kuchotsa gasiketi ya pansi pa silinda kumathandiza?

Kumathandiza, ndipo pa ndalama zochepa palibe china choposa, bola muyeze squish. Squish ndi kampata kamene kamatsala m'mphepete pakati pa mutu wa pisitoni ndi denga la silinda pisitoni ikafika pamwamba. Tengani waya wofewa wa sodala, mupinde, mulowetse pa bowo la pulagi mpaka ukhudze khoma cha pamwamba pa phini ya pisitoni, zungulizani injini ndi dzanja kuti uphwanyike, muyeze ndi veniya. Chitani mbali zonse ziwiri. Makina ambiri a ku fakitale amakhala ndi mamilimita 0.8 mpaka 1.0 kapena kuposerapo. Chimene tikufuna ndi theka la milimita.

Gasiketi yambiri ndi yokhuthala pafupifupi theka la milimita. Ngati squish ili 1.0, ichotseni, mupake mankhwala omatira opirira petulo monga Dirko kapena ThreeBond. Silikoni wamba wa m'bafa amasungunuka. Ngati ili 0.8, kuchotseratu kukusiyirani 0.3, ndipo injini ikatentha pisitoni idzagogoda denga. Pamenepo dulani gasiketi yopyapyala. Chitini cha chakumwa ndi pafupifupi 0.1 ndipo chimagwira ntchito bwinobwino. Yezaninso mutamanga mabawuti.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti silinda ikatsika, mazenera onse atsika nayo. Utsi ndi matransifa zichedwa ndi madigiri pafupifupi awiri, zenera lolowetsa lifulumira. Kwa wocheka mitengo yolimba zimenezi n'zabwino ndithu. Koma zikutanthauza kuti dongosolo la ntchito ndi ili: squish poyamba, kuyeza madigiri pambuyo, kupala kumapeto ngati kukufunikabe. Mukasinthanitsa, manambala anu onse ndi abodza.

Makina ena sizitheka n'komwe. Stihl MS 180, MS 250 ndi MS 290 silinda yake inapangidwa pamodzi ndi theka la nyumba ya kulankishafiti, ndiye palibe choti mutsitse.

Bwanji osangopita nayo ku lathe kuti ifike 200 psi?

Amisiri ena amadula pansi pa silinda ndi denga lake pa lathe, ndipo ikachitika bwino ndi ntchito yokongola. Koma kompuresheni yochuluka imabwera ndi kutentha, imalemetsa mabeyaring'i, imathyola timano ta sitata, ndipo chingwe chikakubwezerani mumamva m'phewa sabata yonse. Petulo akakhala wokhalitsa m'chigubu padzuwa amaphulika yekha nthawi isanakwane, n'kumakumba mutu wa pisitoni. Pa geji ya kuno, makina a ntchito akafika 155 kapena 165 ine ndimaima. Kumbukirani kuti mukatsikira nawo ku chigwa nambalayo ikwera yokha.

Mafula ndiboole?

Pang'ono, inde. Mafula ambiri ndi othina, ndipo kuwatsegula kumachotsa kutentha pa silinda. Mabowo onse pamodzi asapose kukula kwa zenera la utsi. Magawo atatu mwa anayi ndi okwanira. Vulani mafulawo pa makina musanaboole, muwatsuke kuti tizitsulo tisabwerere mu silinda, ndipo bowo lisaloze pa pulasitiki kapena pa dzanja. Kasefa kogwira nthethe za moto kabwezereni. Mu Seputembala ndi Okutobala udzu umakhala ngati wothira palafini, ndipo moto ukalowa m'munda mwa munthu mlandu wake ukathera kwa amfumu. Phokoso la chainsaw limaposa kale madesibelo 100, ndiye zotseka m'makutu zisakhale zokongoletsa khosi.

Ndamaliza zonse. Kabureta ndiisiye momwe inalili?

Ayi, ndipo makina ambiri opalidwa amafera pano. Injini yopuma kwambiri imafuna petulo wambiri. Walira mvula walira matope. Sikuluwu yolembedwa H ndiyo ya liwiro lapamwamba, ndipo kuimasula mobwerera kumawonjezera petulo. Tenthetsani makina, kokani thirotolo yonse kwa masekondi ochepa opanda mtengo. Azimveka ngati akubwadamuka, bwabwabwa, ndipo mukangowalowetsa m'chipika mawuwo ayere. Akamalira mosalala, tswii, ali m'mwamba, petulo wachepa, ndipo oyilo amene amayenda naye wachepanso. Khutu limakonda kulira kumeneko, koma ndiko kumasungunulira pisitoni ku mbali ya utsi. Wong'amba matabwa awonjezere petulo kupyola pamenepo pang'ono, chifukwa makina ake sapuma.

Tsono nayi mbuna yathu. Mwatchuna bwinobwino ku Lusaka, m'mawa mwakwera galimoto kutsikira ku Chirundu kapena ku Luangwa, kumene kuli pansi ndi mamita 800 kapena kuposa. Mpweya kumeneko ndi wolemera, kabureta ikupereka petulo yemwe uja, ndiye kasakanizidwe kauma. Makina amveka okoma kuposa kale, mpaka masana a Okutobala atawagwira. Mukafika ku chigwa, musanadule chipika choyamba, masulani H pang'ono mumvetserenso kubwadamuka kuja. Sikuludiraiva yaing'ono izikhala m'thumba limodzi ndi tupa.

Makina atsopano a M-Tronic kapena AutoTune amadzitchuna okha, ndiye vuto ili alibe. Komabe masilinda amakono monga a X-Torq ali ndi njira zinanso za mpweya wopanda petulo zodutsa m'mbali mwa pisitoni. Amenewo si ophunzirirapo.

Oyilo ndiwonjezere?

Stihl ndi Husqvarna amanena 50:1 ndi oyilo wawo, kutanthauza mamililita 100 pa malita 5. Pa makina osinthidwa ong'amba matabwa ine ndimathira 40:1, mamililita 125. Akhale oyilo wa two-stroke wa mainjini oziziritsidwa ndi mpweya, osati wa boti, osatinso wa galimoto. Yezani ndi sirinji, osati ndi chivindikiro cha botolo. Mukasintha muyezo wa oyilo mverani kabureta kachiwiri, chifukwa oyilo akachuluka petulo wodutsa pa bowo lomwelo amachepa.

Anga ndi aja a ku China a 5800 otsika mtengo. Ndingawapale?

Ngati n'kuphunzira, amenewo ndiwo sukulu yabwino: silinda ndi pisitoni zake zimapezeka mosavuta, ndipo mukalakwitsa simulira kwambiri. Kawirikawiri squish yake imakhala yotakata ndipo m'mazenera mumakhala zotsalira za chikombole, kotero kungoyeretsa ndi kutsitsa silinda amasintha moonekeratu. Koma mabeyaring'i, kilatchi ndi kuromu wake si za mphamvu yochuluka. Musayembekeze kuti asanduka Stihl MS 660, amene ali ndi masiisii 91.6.

Za Stihl 070, mdala uja wa masiisii 106, yankho langa ndi lalifupi: musiyeni. Anapangidwa kuti azikoka pang'onopang'ono, ali ndi gavanala yomuletsa kuthamanga, ndipo mphamvu yake ili pa kukula kwake. Mpatseni maring'i atsopano ndi tcheni chakuthwa.

Pali choopsa china kupatula kuwononga silinda?

Waranti imatha tsiku limene mwapala. Makina amphamvu akabwezera, nsonga ya bar ikagunda nthambi, amadumphira kumaso mwaukali kuposa kale, ndiye buleki ya tcheni ikhale yogwira. Ikakhala yothyoka sindigwira ntchito ina iliyonse isanakonzedwe. Ndipo mphamvu ya injini si chilolezo. Lamulo la nkhalango la 2015 limafuna mapepala ochokera ku Dipatimenti ya Zankhalango podula ndi ponyamula mitengo, ndipo mtengo wa mukula unalowa mu 2019 pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a mitengo ndi nyama zimene zili pa chiopsezo. Pa rodibuloko sadzakufunsani za squish.

Ndikabwera nawo kwa mmisiri ndinyamule chiyani?

Makina onse, osati mutu wokha: bar ndi tcheni chimene mumachekera, ndi chigubu cha petulo amene mumasakaniza nokha, kuti tione chimene injini imadya tsiku ndi tsiku. Munene kumene mukukacheka, kumtunda kapena ku chigwa. Ngati m'galimoto muli malo, ponyanimo chipika cha mtengo weniweni umene mumalimbana nawo. Timadula katatu ndi wotchi tisanamasule bawuti ngakhale imodzi, n'kudzadulanso katatu pa chipika chomwecho ndi tcheni chomwecho tikamaliza. Paini wa pa shedi pano ndi wofewa, makina alionse amaoneka ngwazi.